Chemwali Mpeni Alowa m'Chikuta

Mlamu wanga Shuling, mkazi wa achimwene anga a Jianbo, ndi munthu woti mukamuona pa msika wa kuno ku Wuzhou akukangana ndi wogulitsa nsomba simungamuganizire kanthu. Ndi wamfupi, magalasi ake amangotsetsereka pamphuno, ndipo nsapato iliyonse amaiponda kumbuyo mpaka isanduke silipasi. Asanakwatiwe ankagulitsa m'sitolo ya mankhwala. Koma kuyambira ali mtsikana ali ndi nthenda imodzi imene mankhwala a m'sitolo muja sanaithe, nthenda yolemba.

Amalemba zinthu ziwiri. Choyamba ndi bulogu, katsamba kake ka pa intaneti, pomwe amauza amayi anzake za kaphikidwe, za chifuwa cha ana, za mmene ungachotsere mafuta a injini pa malaya a mwamuna. Chachiwiri ndi nkhani zopeka, zazitali zija zotuluka gawo limodzi tsiku lililonse, zimene anthu amawerenga pa foni ali m'basi kapena akudikira madzi awire.

Nkhani zoterezi ziwiri zinamufera m'manja. Yoyamba inafa ndi ukwati. Yachiwiri inafa atabadwa mwana wawo woyamba, Nuomi. Kumene amaika nkhanizo kuli lamulo lakuti ukangodumphitsa masiku angapo, nkhani yako amaichotsa kutsogolo n'kukaiponya kumbuyo kwenikweni, kosafika munthu. Owerenga nawo sadikira, amangopita kwa wina. Ndiye atayamba yachitatu anandiuza tikusenda adyo, osandiyang'ana n'komwe:

"Lanfen, iyi ikafanso ndiye basi, sindidzalembanso. Ndatopa n'kusiya anthu panjira."

Yachitatuyo inali ya mtsikana wogulitsa mankhwala a makoswe, dzina lake Bilian, amene anakwatiwa m'banja lolemera la ogulitsa tiyi masiku amakedzana. M'nyumba imeneyo munali chipinda cha pamwamba chokhoma, ndipo kiyi wake ankayenda naye m'chiuno apongozi a Bilian, mayi wolusa kwabasi. M'chipindamo munkamveka munthu akutsokomola. Anthu anawerenga chaka chathunthu kufuna kudziwa wotsokomolayo.

Poyamba Shuling anayesa kugawa nthawi mwadongosolo. Anajambula ndandanda, ola ili bulogu, ola ili nkhani, ola ili banja, n'kuimata pa filiji. Vuto linali lakuti Nuomi sankadziwa kuwerenga, ndiye ankasanza pa ola la nkhani. Achimwene kuwerenga amadziwa, koma ankafunsabe sokosi pa ola la bulogu. Posakhalitsa pepala lija linapeza ntchito ina, yoyala pansi pa mphika wotentha.

Chimene chinamupulumutsa ndi poto wa mpunga, uja wamagetsi. Wawo ndi wakale, wamaluwa ofufuka m'mbali, wochedwa ngati nkhalamba yokwera masitepe. Ukathira mpunga ndi madzi n'kudina kabatani, palibenso chochita mpaka kabataniko kadumphe kokha, kha. Shuling anaona kuti imeneyo ndi nthawi yokhayo imene palibe amamuitana m'nyumbamo, chifukwa aliyense amadziwa kuti chakudya chili pamoto. Basi, anapatsa potoyo udindo wa wotchi. M'mawa poto akamaphika phala la mpunga, amalemba bulogu. Masana akamaphika mpunga, amalemba nkhani, imene amakhala ataiganiza kale akuchapa ndi kukolopa. Madzulo foni imalowa m'kabati, nthawi imeneyo ndi ya Nuomi ndi bambo ake. Lamulo linali limodzi lokha: poto akalira, manja pansi. Achimwene amakonza njinga zamoto pansi pa nyumba yomweyo, ndipo mphuno yawo imamva mpunga ukapsa, ndiye panalibe zoti ndimalize kaye chiganizo ichi. Pomwe wafika ndi pomwepo, kutumiza, kupakula.

Kumeneko ndi kumene kunachokera mbiri yake. Poto sadziwa nkhani. Ankalira Bilian atakweza phazi pa sitepe yomaliza. Ankalira munthu atangoti, "Bambo wako weniweni ndi..." Owerenga ankatukwana, kudandaula, kulumbira kuti asiya, mawa lake n'kubweranso ndi anzawo. Anamupatsa dzina lakuti Chemwali Mpeni, akuti amadziwa podula. Wina analemba ndemanga yaitali kufotokoza luso lake lodulira pokoma. Shuling anandiwerengera akupukuta potoyo ndi kansalu.

"Poto uyu wakalamba," anatero achimwene tsiku lina. "Ndaona wina kusitolo, mpunga umapsa usanamalize kusamba m'manja."

"Mukamubweretsa muno muzikagona naye ku njinga zanu pansipo."

"Ine ndimati ndikupeputse."

"Mundipeputsa gawo lonse. Anthu aziwerenga chiyani, moni yekha?"

Potoyo anakhala.

Mimba yachiwiri Shuling anaikonzekera, kapena ndinene kuti anayesa. Ankafuna alemberetu magawo okwanira mwezi wonse wa chikuta. Koma mpunga sauphika kanayi pa tsiku, ndiye anangosunga ochepa. Mwananso anabwera msanga, wamwamuna, wamakani ngati bambo ake. Tsiku lotuluka kuchipatala tinapeza Amayi athu, Mayi Mo, apongozi ake a Shuling, atafika kale kuchokera kumudzi, atanyamula mtsuko wa vinega wakuda, thumba la jinja ndi nkhuku ziwiri zamoyo.

Chikuta cha Amayi ine ndikuchidziwa, ndinachikhala ndi mwana wanga Taotao. Mwezi wathunthu osasamba m'mutu. Osatsegula zenera. Osaponda pansi wopanda sokosi, ngakhale kunja kutenthe bwanji. Madzi ozizira ayi, chivwende ayi. Koma chachikulu kwa Amayi ndi maso. Osawerenga, osasoka, osayang'ana foni, osalira. Amati mzimayi akavutitsa maso m'chikuta, akadzakula sadzatha kulowetsa ulusi pa singano, ndipo pa zonsezo choipitsitsa ndi misozi. Ali ndi azakhali awo ena ake amene analira m'chikuta n'kuyamba kupereka moni kwa mitengo. Azakhali amenewo palibe anawaonapo, koma tonse tikuwadziwa.

Shuling asanavule n'komwe jekete, Amayi anatambasula dzanja.

"Foni."

"Amayi, ndingouza anzanga kuti ndafika bwino."

"Anzakowo adzamva pa tsiku la mazira ofiira, paphwando lotulutsa mwana akakwanitsa mwezi. Bweretsa."

Foniyo anaikwirira m'ndowa ya mpunga. Kenako anayang'ana poto uja, n'kunena kuti mpunga wa magetsi ulibe mphamvu, sungabwezere munthu magazi. Anamukweza pamwamba pa kabati n'kutulutsa mphika wawo wadothi. Tsiku limodzi lomwelo Shuling analandidwa cholembera ndi wotchi yomwe.

Ine ndinkapita kumeneko m'mawa uliwonse kukathandiza, Taotao ali kumbuyo, poti bambo ake ali ku zomangamanga ku Foshan ndipo kunyumba kulibe wondisunga. Magawo osunga aja ndinkatumiza ndine pa foni yanga, Shuling anali atandionetsa podina. Tsiku lina ndikupinda matewera m'chipinda mwake anandikoka epuloni.

"Lanfen, magawo atha mawa."

"Ndiye titani?"

"Foni yakoyo imalemba yokha ukamailankhula, eti?"

"Imalemba. Bambo a Taotao ndimawakalipira choncho."

"Amayi aletsa maso. Pakamwa sanaletse."

"Alamu, mukufuna aphe ine? Inu sangakukhudzeni, muli m'chikuta. Ine ndilibe chonditchinga."

"Iwe ndiwe mwana wawo, sangakuphe zenizeni."

"Simukuwadziwa."

"Chonde, mlamu. Kwatsala pang'ono chitseko chitseguke."

Ndinavomera. Ndinamumvera chisoni, komanso nanenso ndinkafuna kudziwa wotsokomolayo.

Tinkachita chonchi. Masana ndimakhala m'mphepete mwa bedi ndi mulu wa matewera, foni ili m'thumba la epuloni. Shuling amagona chagada, maso ali tseke monga mwa lamulo, khanda lili pambali, n'kumafotokoza nkhani ngati akusangalatsa mwana. Akamaliza, ine n'kudina. Amayi atasuzumira tsiku loyamba anangoti, "Mwana wa masiku owerengeka ukumuuza za makoswe?" Shuling anati ana amakonda mawu a mayi wawo, kaya akunena chiyani. Amayi anabwerera kukhitchini.

Tinkaganiza kuti tapambana, koma ayi. Popanda poto Shuling sankadziwa polekeza. Munthu wake ndi waukhondo, sakonda kusiya chinthu pambalambanda. Akayambitsa mkangano ankaumalizanso, anthu n'kupepesana. Bilian akakwera masitepe ankatsikanso bwinobwino, kusamba m'mapazi, kukagona. Gawo lililonse linkatha ngati nyumba yosesa. Ndemanga ndinkamuwerengera monong'ona, ndipo sizinali zabwino.

"Uyu akuti mpeni wabuntha."

"Wina?"

"Uyu akuti kodi Chemwali Mpeni wagulitsa nkhani kwa azakhali ake? Uyu akuti anagona ali pakati, foni inamugwera pamphuno."

"Basi, usawerengenso."

Owerenga anayamba kuchepa. Shuling anayesa kudula yekha, koma ankadula ngati munthu wometa mwana wake, mwachisoni, pang'onopang'ono. Anati ndimuuze ine polekeza. Ine ndikamamvetsera ndimaiwala kuti ndili pa ntchito.

Ndiye linafika tsiku lija. Bilian anali atalowa m'chipinda cha apongozi ake masana iwo akugona, kuti abe kiyi. Shuling anayamba motsitsa, koma nkhani itamugwira mawu anakwera, manja akuyenda m'mwamba, maso ali chitsekere.

"Bilian anagwada pambali pa bedi. Anagwira chingwe cha kiyi ndi zala ziwiri. Anakoka pang'ono. Anakokanso. Pamenepo diso limodzi la apongozi linatseguka, ndipo..."

Chitseko chathu chinatseguka ndi phazi. Amayi analowa ndi mbale yofuka nthunzi.

"Basi, pakamwapo patsekedwe. Imwa msuzi uwu mafuta asanagwirane. Wonse, ndikuyang'ana."

Ine ndi mantha ndinapisa dzanja m'thumba kuti ndizimitse foni, koma chala chinadina pozolowera. Gawo linapita, pamodzi ndi mawu a Amayi, poti foni sisankha wolankhula.

Madzulo ake ndemanga zinali mbwee. Mpeni wanoledwa, akutero. Apongozi a Bilian adzuka ndi msuzi m'manja, ndiye kuti anakonzeratu. Muli mankhwala a makoswe mmenemo. Bilian usamwe. Wina anati mawu akuti "ndikuyang'ana" anamuyendetsa thupi mpaka anakatseka zenera. Nditamuuza Shuling anaseka mogwira pamimba, akundipempha kuti ndisiye chifukwa mabala akumupweteka.

"Ndifufute mawu a Amayiwo?"

"Usayerekeze. Mawa tiyamba akangoika mphika pamoto."

Msuzi wake ndi uja wa mang'ina a nkhumba ophika ndi jinja ndi vinega wakuda. Shuling amadana nawo kuyambira chikuta choyamba, amati umanunkha ngati sokosi za achimwene zoviika m'shuga. Koma tsopano anayamba kuudikira ngati mvula. Amayi akaika mphika, ife n'kuyamba. Ndipo tsiku lililonse, nkhani ikangofika pamwamba penipeni, chitseko chinkatseguka. Sankaphonya. Poto uja nthawi zina ankalira Bilian akungosenda mbatata, koma Amayi ayi.

"Amayi aposa poto," anatero Shuling. "Poto ankangolasa mwamwayi."

Mawu awo olowera tinkawasiya momwemo, ndiye apongozi a m'nkhani anayamba kulankhula ngati Amayi. "Watsegula zenerali ndani?" "Vala sokosi, ukufuna kufa?" "Ine zonse ndimaona, usandiyese wogona." Owerenga anati sanaonepo mayi woopsa chonchi m'nkhani iliyonse. Amene anathawa aja anabwerera. Ine ndinkadziwa kuti zinthu zikamakoma chonchi, Amayi ali pafupi kudziwa, chifukwa ndakula nawo.

Anatiulula ndi Mayi Ou ogulitsa tofu, chakudya chopangidwa ndi soya, pa msika, osadziwa kuti akuulula. Iwo ndi mmodzi wa owerenga, ndipo dzina lenileni la Chemwali Mpeni sankalidziwa. Amayi atapita kukagula mang'ina anakalipira mtsikana wina woyembekezera amene ankamwa madzi ozizira, ndiye Mayi Ou anaseka n'kuti, "Mayi Mo, mumalankhula ndendende ngati mfiti ya m'nkhani yangayi, tamverani." Anawawerengera. Za msuzi, za sokosi, za zenera. Amayi akuti anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa dzina la mtsikana wa m'nkhaniyo. Atamva kuti Bilian, analipira mang'ina awo n'kunyamuka osatsazika.

Masana amenewo tinamva mphika ukuikidwa pamoto, tinayamba monga mwa masiku onse. Shuling asanafike patali Amayi analowa opanda mbale. Anabwera molunjika kwa ine, kupisa dzanja m'epuloni, kutulutsa foni ikulembabe. Anaigwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Lanfen, ndinakutuma kupinda matewera kapena kugulitsa mayi ako pa msika?"

"Amayi, ine..."

"Khala chete, iwe ndithana nawe. Shuling, ndiye mfiti ija ndine?"

"Ayi Amayi, mayi amene uja ndinamulemba inu musanabwere."

"Ndiye unandilemba ndisanabwere."

 Amayi anati foni m'chipinda cha chikuta ndi foni basi, kaya ili m'maso kaya ili m'thumba. Anati munthu amene wangobereka ayenera kupumula mutu, osati kumathamangitsana ndi makoswe. Nkhani yatha, idzapitirira mwezi ukatha ngati ilipo yopitiriza. Anatembenuka kuti akakwirire foni yanga pamodzi ndi inzake m'ndowa muja.

Ine ndinadziwa kuti nkhani yachitatu yafa. Mwezi unali usanafike n'komwe pakati. Ndinamuyang'ana Shuling. Anali atakhala tsonga, manja pa bulangete, nkhope ili phee.

"Amayi," anatero mwaulemu wonse, "ndimati ndikudziwitseni. Ndilira."

Amayi anaima pakhomo.

"Wati chiyani?"

"Ndilira. Sindikuopsezani, ndikungodziwa thupi langa. Ndiyamba panopa, ndipuma pang'ono poyamwitsa, kenako ndipitiriza. Mwina mpaka tsiku la mazira ofiira."

"Usayerekeze. Azakhali anga..."

"Ndikuwadziwa, Amayi. Ndizidzapereka nawo moni kwa mitengo."

Ndinkaganiza kuti akuchita zamasewera, mwina nayenso ankaganiza choncho.  Koma kenako anati, "Ziwiri zinafa kale." Msozi weniweni unatsika pansi pa magalasi.

Sindinawaonepo Amayi akuthamanga chonchija. Anaponya foni pa matewera, kulumphira pa bedi, kumuvula magalasi, kumupukuta ndi mpango wawo wa m'khosi.

"Bweza. Bweza msoziwo. Yang'ana kudenga. Lanfen, waima ngati mtengo bwanji, muuze chinthu choseketsa."

"Ndilibe, Amayi."

"Mwana wopanda ntchito. Shuling, pumira m'mwamba. Usaphethire."

Anakhala pabedipo nthawi ndithu, dzanja lili pa chipumi cha mpongozi wawo, akuyang'ana foni, akuyang'ana maso. Ndinkawaona akuyeza malamulo awo awiri ngati munthu wogula nsomba. Mphika unkabwata kukhitchini.

"Foni imeneyi," anafunsa kenako, "kuti ilembe mpaka uiyang'ane?"

"Ayi Amayi. Imangomva."

"Ndiye ili ndi makutu, ilibe maso."

"Eya."

"Hm. Ikhale m'thumba la Lanfen. Ikatuluka ndiiphika ndi mang'ina."

Shuling anafwenthera. Atapeza mpweya anafunsa chimene tonse tinkafuna kudziwa, kuti zinkatheka bwanji msuzi kupsa pamalo okoma tsiku lililonse.

"Msuzi umapsa kalekale," anatero Amayi. "Ndimaima nawo pakhomopo. Ukamalankhula motsitsa ndimakusiya, palibe choopsa. Koma ukayamba kukweza mawu, manja m'mwamba, ndiye kuti magazi atentha, mkaka usasa, mwana atsegula m'mimba. Pamenepo ndimalowa. Umaganiza ndimamvera zamakoswe zakozo?"

"Simumamvera?"

"Zimangolowa zokha m'makutu. Ndipo ndikuuze, m'nyumba ya tiyi monse muja wanzeru ndi mayi mukumutcha mfitiyo. Munthu akutsokomola, iye wamutsekera kuti asapitidwe mphepo, inu mukuti nkhanza. Bilian wakoyo ndiye wopanda mwambo, kupisa m'chiuno mwa akuluakulu akugona. Akatsegula chitsekocho munthu n'kuzizidwa, mlandu ukhala wa ndani?"

 Shuling anatseka maso, koma ndinkaona akuyendayenda pansi pa zikope. Anadzandiuza pambuyo pake kuti mpaka tsiku limenelo anali ndi mathero atatu, onse osamukhutiritsa, ndipo sankadziwa kuti mayi uja amatsekeranji chitseko.

Kuyambira pamenepo nthawi ankagawa ndi Amayi, ndipo anaigawa mwankhanza kuposa poto. Masana nkhani, mphika uli pamoto, iwo atakhala pampando pakhomo penipeni ndi mbale pamiyendo, osabisalanso. Mawu akakwera, "Basi." Ndipo ine ndisadine mpaka mbale ikhale mbee, mpaka jinja wa pansi. Shuling anamwa msuzi wa mang'ina mwezi umenewo kuposa mzimayi aliyense wa mu Wuzhou, akutseka mphuno, Amayi akuti, "Anthu ako akudikira, meza."

Za bulogu anazimva kwa ine, mwangozi. Inali itagona kuyambira tsiku lobereka. Amayi anati ndiwawerengere zimene mpongozi wawo amauza anthu, ndipo nditafika pakuti jinja uzimusenda usanaphike anandilanda mawu.

"Mphamvu yonse ili ku khungu, iye akuuza dziko lonse kuti litaye? Tsegula makutu a foniyo."

M'mawa uliwonse, Shuling akuyamwitsa, Amayi ankaima pakati pa khitchini manja m'chiuno n'kumakalipira thumba la epuloni yanga. Anakalipira osenda jinja, osambitsa ana madzulo, ovala masiketi aafupi m'nyengo yozizira. Shuling anangopempha kuti pamwamba tizilemba kuti mwezi uno akulankhula ndi apongozi. Azimayi ambiri anayankha kuti akumva ngati abwerera kwawo. Ena anati n'chifukwa chake sabwerera kwawo.

Madzulo foni yanga inkalowa m'ndowa ya mpunga mpaka nthawi yoti ndizipita. Apa Amayi sanasinthe kanthu pa lamulo la poto, anangolilimbitsa. Nuomi anali atayamba kuluma anzake ku sukulu ya mkaka chibadwire mlongo wake, ndiye Amayi ankamukweza pabedi kuti agone pamkono wa mayi ake ndi kuwauza za tsiku lake. Amayi ankawaitana achimwene kuchokera pa zenera la kukhitchini msewu wonse ukumva.

"Jianbo, njingazo sizikuyamwa. Kwera udzanyamule mwana wako."

"Ndikumaliza buleki, Amayi."

"Ndikatsika ine ndidzamaliza iweyo."

Ankakwera, kusamba m'manja kawiri Amayi akuyang'ana, n'kukhala pampando ndi khanda ngati anyamula thireyi ya mazira.

Pa msika Amayi sanaulule kuti Chemwali Mpeni ndi ndani. Ankangoima pa tebulo la Mayi Ou, kusankha tofu modekha, n'kunena kuti, "Ine ndikuona ngati mawa Bilian agwa pa masitepe." Mawa lake Bilian n'kugwadi. Mayi Ou anayamba kuwaopa, mpaka anawafunsa ngati angawaonereko za ukwati wa mwana wawo.

Chitseko cha m'nyumba ya tiyi chinatseguka patangopita masiku ochepa chichitikire phwando la mazira ofiira. Gawo lomaliza Shuling analemba ndi manja ake, tsitsi lili lonyowa koyamba pa mwezi wonse, zenera lili pululu. Wotsokomola uja sindikuuzani, kawerengeni nokha. Ndingonena kuti amene anatukwana apongozi a Bilian chaka chonse analemba ndemanga zopepesa, ndipo Amayi anati ndiwawerengere zonse, zina kawiri. Shuling atalemba mawu akuti "yatha" anatumiza gawolo. Kenako anapita kukhitchini, kukwera pampando, kutsitsa poto wake n'kumupukuta fumbi.

Amayi anabwerera kumudzi ndi mtsuko wopanda kanthu. Pano Shuling ali pa nkhani yachinayi, ya mkazi woyendetsa bwato la mchere. Nthawi akugawanso ndi poto, phala bulogu, mpunga nkhani, madzulo ana awiri ndi bambo awo. Khanda silinaphunzire kulemekeza poto, ndiye masiku ena amalemba ndi dzanja limodzi. Owerenga alipo ambiri, koma ena amadandaula kuti mpeni wa mwezi uja unali wakuthwa kuposa uno.

Ndinalakwitsa kuwauza Amayi zimenezo. Tsiku lina ndili kumeneko masana anaimba foni, Shuling n'kuiika pa tebulo kuti tonse timve, zala zake zikulembabe pa kompyuta.

"Ndamva kuti anthu akundifuna," anatero Amayi.

"Akukupatsani moni, Amayi."

"Vinega wina ndaviika kale. Ana awiri ndi ochepa, Shuling. Ukachita changu, chaka chamawa nthawi ngati ino ndikhoza kubweranso mwezi wathunthu. Ndaganiza kale, mkazi wa bwatoyo akufunika apongozi. Ndiye umuuze Jianbo kuti..."

Kha.

"Amayi, mpunga wapsa," anatero Shuling, n'kudula foni.